Kompyuta yaing'ono kapena tower: mafunso ndi mayankho kwa amene amadyera pa kompyuta

Tsamba ili ndalembera anthu amene kompyuta ya pa desiki ndiyo imawadyetsa: olumikiza mavidiyo, ojambula mapulani a nyumba ndi a makina, osakaniza nyimbo mu situdiyo, olemba mapulogalamu, komanso ochita kafukufuku amene amaisiya ikuwerengera masamu usiku wonse. Ikafika nthawi yogula ina, ambiri mutu umawaima pa funso limodzi: nditenge kabokosi kakang'ono kamene zowonjezera zake zimalumikizidwa kunja, kapena bokosi lalikulu loti ndizitsegula n'kuikamo zinthu mkati? Maganizo anga ndi akuti musayambire pa kukula kwa bokosi. Yambani mwadziwa chimene ntchito yanu idzafune zaka zikubwerazi, kenako muone ngati chinthucho chingadutse pa chingwe.

Kodi mitundu iwiriyi imasiyana pati kwenikweni?

Tower ndi bokosi lalitali loimirira lija limene limakhala pansi pa desiki. Mukachotsa chitseko cha m'mbali mumapeza malo: mipata ya PCIe yolowetsamo makhadi owonjezera monga khadi la zithunzi (graphics card), mipata ya RAM (memory imene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwira), pomangirira madisiki, ndi power supply (chipangizo chogawa magetsi mkatimo) imene kawirikawiri imakhala ndi mphamvu yotsala. Makina akuluakulu a HP Z, Dell Precision ndi Lenovo ThinkStation ali m'gulu limeneli.

Mu kompyuta yaing'ono zonse anazipanikiza malo amodzi, ndipo chowonjezera chilichonse mumachilumikiza kunja ndi chingwe, makamaka cha Thunderbolt kapena USB4. Mac Studio ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu Malichi 2022, ndi masentimita 19.7 m'litali ndi m'lifupi, msinkhu wake masentimita 9.5. Palinso HP Z2 Mini imene inayamba mu 2016, ndi timakompyuta ta NUC timene Intel inasiya kupanga mu 2023, ntchitoyo n'kupita m'manja mwa ASUS.

Onse awiri amatha kukula. Wina amakulira mkati, mnzake amakulira pa desiki panu.

Mipata ya makhadiyi inayamba liti?

Ndi yakale ngati kompyuta ya pa desiki yeniyeniyo. Apple II ya mu 1977 inali ndi mipata 8, ndipo IBM PC ya mu 1981 inali ndi 5. Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyeso wa ATX, umene umanena kukula kwa motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), pamene pakhale mabowo a masikuluwu, ndi mmene power supply ilumikizidwire. Motherboard ya ATX imatha kukhala ndi mipata yofika 7, ya microATX 4, pamene ya Mini-ITX, imene kampani ya VIA inabweretsa mu 2001, ndi masentimita 17 mbali zonse ndipo ili ndi mpata umodzi.

Phindu lenileni la tower lagona pa mgwirizano umenewu. Khadi lopangidwa ndi kampani ina limalowa mu bokosi la kampani ina, zaka zambiri bokosilo litagulidwa kale, popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

Bwanji nkhaniyi ikangoyambika anthu amatchula Mac Pro ya mu 2013?

Chifukwa ndi pamene kampani yaikulu ya Apple inayesa njira ya kabokosi ndi mtima wonse, ndipo zotsatira zake aliyense anaziona.

Kuyambira 2006 mpaka 2012, Mac Pro inali tower ya aluminiyamu yolemera makilogalamu pafupifupi 18, yokhala ndi malo a madisiki 4 komanso mipata ya PCIe. Mu Juni 2013 Apple inaonetsa yatsopano, imene inayamba kugulitsidwa mu Disembala chaka chomwecho. Inali yakuda, yozungulira, yonyezimira, msinkhu masentimita 25, kulemera makilogalamu 5 okha. Pakati pake panali chitsulo chimodzi cha mbali zitatu chokoka kutentha. Purosesa (ubongo wa kompyuta) anaimangirira mbali imodzi, makhadi awiri a zithunzi a AMD FirePro mbali ziwiri zotsalazo, ndipo fani imodzi pamwamba inkakoka mpweya wonse kuchokera pansi. Mipata yolowetsamo makhadi wamba a PCIe munalibe. M'malo mwake anaika ma port (polumikizira zingwe) 6 a Thunderbolt 2.

Luso limene linalowa mmenemo linali lenileni, ndipo makinawo ankagwira ntchito mwakachetechete. Vuto linali lakuti mapangidwe onsewo anatsamira pa chiyembekezo chimodzi, chakuti mtsogolo mapulogalamu adzagawa ntchito pa makhadi awiri otentha pang'ono. Zinthu zinapita kwina. Opanga makhadi anayamba kutulutsa khadi limodzi lalikulu, lamphamvu, lotentha kwambiri, ndipo mapulogalamu ambiri anatsata komweko. Mbali imodzi ya chitsulo chija sikanatha kunyamula kutentha koteroko. Makhadi ake nawonso anali opangidwira makina okhawo, moti mwini wake analibe khadi lina loti n'kugula. Mu Epulo 2017 akuluakulu a Apple, kuphatikizapo Phil Schiller ndi Craig Federighi, anaitana atolankhani ochepa n'kuvomereza kuti mapangidwewo anawamanga manja pa nkhani ya kutentha, ndipo analonjeza kuyambiranso.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: pa zaka zonsezo, anthu amene anasunga tower yawo yakale ya mu 2010 kapena 2012 ankaikamo makhadi atsopano a zithunzi ndi madisiki othamanga a SSD, makinawo n'kumapitirizabe kuwadyetsa. Amene anagula yatsopano anakhala ndi makhadi a mu 2013 mpaka mapeto.

Mu Disembala 2019 Mac Pro inabwerera kukhala tower, ndi mipata 8 ya PCIe, mipata 12 ya RAM yofika 1.5 TB, ndi power supply ya mawati 1,400. Mac Pro ya mu 2013 ija sinali kabokosi kokongola ka Apple koyamba kulephera kukhalitsa. Power Mac G4 Cube, yopanda fani, inatuluka mu 2000 n'kuimitsidwa mu 2001.

Kodi chingwe cha Thunderbolt sichingagwire ntchito ya mpata wa PCIe?

Pa zinthu zambiri chingathe, pa zina sichingathe, ndipo manambala ndiwo amaweruza.

PCIe imayenda m'tinjira. Khadi lalikulu la zithunzi limatenga tinjira 16. Pa PCIe 3.0 tinjira timeneti timanyamula pafupifupi 16 GB pa sekondi, pa PCIe 4.0 pafupifupi 32 GB, ndipo pa PCIe 5.0 pafupifupi 64 GB. Thunderbolt 3 ya mu 2015 ndi Thunderbolt 4 ya mu 2020 zimalembedwa kuti 40 Gb pa sekondi, koma chilembo chaching'ono cha b chikutanthauza ma bit osati ma byte, ndiye mugawe ndi 8. Komanso gawo limene PCIe imapatsidwa mmenemo ndi la tinjira 4 ta PCIe 3.0, pafupifupi 4 GB pa sekondi. Thunderbolt 5 yawirikiza kawiri gawolo kufika pafupifupi 8 GB. Ndiko kuti ngakhale chingwe chatsopanocho chikunyamula gawo limodzi mwa magawo 4 a zimene mpata wa PCIe 4.0 umanyamula. Zili ngati mlatho wopapatiza pa msewu wotakata: njinga ndi galimoto zazing'ono zimadutsa osazindikira n'komwe, koma malole odzaza katundu amaima pamzere.

Zimene zimadutsa bwino ndi zambiri ndithu. Zipangizo zojambulira mawu, netiweki ya 10 Gb, madisiki osungira ntchito zakale, makhadi ambiri otengera vidiyo kuchokera ku kamera, zonsezi zimakwana. SSD yothamanga ya PCIe 4.0, imene mkati mwa kompyuta imafika 7 GB pa sekondi, pa Thunderbolt 4 imatsikira cha pa 3 GB. Kwa ambiri liwiro limenelo ndi lokwanira. Pamene pamavuta ndi pa khadi lalikulu la zithunzi, pa ma SSD angapo ogwira ntchito pamodzi, ndi pa netiweki ya 100 Gb.

Nanga khadi la zithunzi loikidwa m'bokosi lakunja?

Limagwira ntchito pa makompyuta ambiri a Windows ndi Linux, koma mphamvu ina imatayika panjira, makamaka pa ntchito imene imatumiza zinthu zambiri pakati pa purosesa ndi khadi. Apple inalola njira imeneyi pa macOS mu 2018, koma ma Mac okhala ndi chip ya Apple yomwe ya M1 ndi zotsatira zake salola. Kumbukiraninso kuti bokosi lakunjalo lili ndi power supply yake ndi fani yake. Mukaliika pambali pa kabokosi kanu, malo amene mumafuna kusunga apita.

Kodi kabokosi kamatentha kwambiri? Nanga phokoso?

Magetsi onse amene kompyuta yadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Khadi la zithunzi la NVIDIA RTX 4090 la mu 2022 limadya mawati 450 palokha, RTX 5090 la mu 2025 limafika 575, ndipo purosesa ya AMD Threadripper Pro ya ma core 96 imafika 350. Kutulutsa kutentha koteroko kumafuna mpweya wambiri. Fani yaikulu ya masentimita 14 imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, pamene yaing'ono imayenera kuthamanga, ndipo kulira kwake kumaboola m'makutu. Mpweya ukapanda kukwana, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ichi simungachione pa mayeso a mphindi ziwiri. Chimaonekera pa ntchito ya maola atatu.

Koma si kabokosi kalikonse kamene kali pa vutoli. Mac Studio yoyamba, makina onse athunthu, malire ake anali mawati 370, kuchepera khadi limodzi lija la RTX 4090. Chip yake imadya magetsi ochepa, ndipo gawo lalikulu la kabokosiko ndi la mafani ndi chitsulo choziziritsira. N'chifukwa chake imakhala chete ngakhale pa ntchito yolemera. Kabokosi kamene ndimakakayikira ndi kamene aikamo zipangizo zopangidwira tower n'kungochepetsa malo a mpweya. Mukafuna kudziwa zoona, fufuzani mayeso aatali osonyeza liwiro la makinawo pakatha theka la ola akugwira ntchito mosalekeza.

N'chifukwa chiyani RAM ya timabokosi tambiri imakhala yomatiridwa? Kodi si njira yongofuna kutidyera ndalama?

Kukayikirako n'komveka, poti RAM yogulira limodzi ndi makina imakwera mtengo kuposa yogula padera. Komabe chifukwa cha sayansi chiliponso. RAM ikakhala pafupi kwambiri ndi purosesa, njira zake zimafupika ndipo imatha kuthamanga kwambiri. RAM wamba ya mtundu wa DDR5-5600 ya njira ziwiri imanyamula pafupifupi 90 GB pa sekondi. Chip ya Apple ya M2 Ultra imafika 800 GB pa sekondi, ndipo RAM yomweyo imagwiritsidwa ntchito ndi purosesa komanso gawo la zithunzi.

Umboni wabwino ndi kampani ya Framework, imene inatchuka ndi malaputopu oti mwini wake akhoza kukonza yekha. Mu 2025 inatulutsa kompyuta ya pa desiki ya malita 4.5 yokhala ndi chip ya AMD Ryzen AI Max, ndipo RAM yake, yofika 128 GB, ndi yomatiridwa. Kampaniyo inafotokoza kuti liwiro limene chipyo imafuna silinatheke ndi RAM yochotseka.

Ndiye apa pali kusinthanitsa. Mumapeza liwiro, n'kutaya mwayi wowonjezera mawa. Mukagula makina otere, RAM imene mwasankha tsiku logula ndi imene mudzakhale nayo mpaka makinawo adzakalambe. Musaumire pamenepo. Disiki mukhoza kuwonjezera kunja, RAM ayi.

Tinene zoona, kodi anthu amawonjezeradi zinthu mu tower?

Ambiri ayi. Amagula bokosi lalikulu ndi mtima woti mwina tsiku lina, kenako zaka zisanu zimatha mipata ija ikungodzaza fumbi. M'maofesi ambiri makina amasinthidwa athunthu waranti ikatha, palibe amene amatsegula. Ndipo purosesa, imene anthu amaiganizira kwambiri, ndi imene imasinthidwa mwa apo ndi apo, chifukwa socket (pokhala purosesa pa motherboard) ikasintha pamafunika motherboard yatsopano, nthawi zina ndi RAM yomwe. Socket ya AM4 ya AMD ndi imodzi mwa zochepa zimene zinakhalitsa: ma motherboard ambiri a mu 2017 anadzatha kulandira mapurosesa a Ryzen 5000 atangosintha BIOS, pulogalamu ya mu motherboard momwemo.

Zimene anthu amasinthadi ndi zitatu: khadi la zithunzi, RAM, ndi madisiki. Dzifunseni ngati munatsegulapo kompyuta imene muli nayo panopa. Ngati munatsegula, munaikamo chiyani? Yankho limenelo limanena zambiri za mawa lanu kuposa zotsatsa malonda. Amene angatchule dzina la khadi limene adzaike, kapena kuchuluka kwa RAM imene adzafune ntchito ikakula, tower ndi yake. Amene sangatchule kanthu akulipirira mpweya.

Ndiye bokosi likakhala lalikulu, basi zonse zimasinthika?

Ayi, ndipo apa ambiri amapusitsika. Mac Pro ya mu Juni 2023 inasunga bokosi la mu 2019, koma mkati anaikamo chip ya M2 Ultra, yomweyo imene inali mu Mac Studio. Inali ndi mipata 6 ya PCIe yopanda kanthu, koma silola makhadi a zithunzi, ndipo RAM yake yofika 192 GB siyowonjezereka. Yerekezani ndi 1.5 TB ya Mac Pro ya mu 2019 ija. Mipata ija inatsalira makhadi a mawu, a vidiyo, a netiweki ndi a ma SSD. Kwa situdiyo yokhala ndi makhadi a mawu a Pro Tools HDX kapena a vidiyo a Blackmagic DeckLink, zimenezo n'zothandiza. Kwa wina aliyense, inali Mac Studio m'bokosi lalikulu.

Ku mbali ya Windows nakonso kuli msampha wake. Ma tower ena a makampani akuluakulu amakhala ndi power supply ndi motherboard za mapangidwe awoawo, osatsata ATX. Mpata mumauona, koma khadi latsopano likafuna magetsi ochuluka, power supply ya m'sitolo siyilowa.

Nanga makompyuta a zidutswa zosanjikizana aja anathera kuti?

Anayesedwa kangapo. Razer inaonetsa Project Christine pa chionetsero cha CES mu 2014, koma sinagulitsidwe. Acer inatulutsa Revo Build mu 2015, ndipo HP inatulutsa Elite Slice mu 2016, imene munkaisanjika pa chidutswa cha ma sipika kapena cha DVD. Lingalirolo ndi lokopa, koma polumikizira pake pamakhala pa kampani imodzi. Kampaniyo ikasiya kupanga zidutswa, kukula kwa makina anu kwathera pomwepo.

Ikawonongeka, yosavuta kukonza ndi iti?

Tower yotsata miyeso wamba. Power supply ikapsa kapena fani ikaima, mumasintha chokhacho ndipo tsiku lomwelo mwabwerera pa ntchito. Mu kabokosi kamene purosesa, RAM ndi gawo la zithunzi zili pa bolodi limodzi, chimodzi chikafa bolodi lonse limasinthidwa, ndipo kawirikawiri makina onse amapita kokakonzedwa. Kwa munthu amene ali ndi ntchito yoti apereke Lachisanu, masiku odikirawo ndi ndalama.

Kabokosi kali ndi ubwino wake umodzi pano. Poti ntchito yanu imakhala pa madisiki akunja, mumangozula chingwe, kulumikiza ku makina ena, n'kupitiriza. Koma chingwe chilichonse ndi adaputa iliyonse ya magetsi ndi malo enanso pamene zinthu zingasokonekere. Chingwe cha disiki chikazuka ntchito ili mkati, fayilo ikhoza kuwonongeka.

Kodi ntchito yanga ikufuna uti?

Ojambula zithunzi za 3D ndi ophunzitsa mapulogalamu a AI: tower, mosakayika. Ntchito yanu ili pa khadi la zithunzi, makhadiwo amasintha pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo mapulogalamu ambiri amadalira CUDA, njira yowerengera masamu pa khadi la zithunzi imene imagwira pa makhadi a NVIDIA okha. Tsiku lina mudzafuna khadi lachiwiri, ndipo apa mpamene tinjira 128 ta PCIe ta Threadripper Pro timaonetsa ntchito yake. Pali kupatula kumodzi. Amene akungofuna kuyendetsa pulogalamu yaikulu ya AI, osati kuiphunzitsa, vuto lake ndi kuchepa kwa memory ya khadi: RTX 4090 ili ndi 24 GB, RTX 5090 ili ndi 32 GB. Mac Studio ya M3 Ultra imene inatuluka mu 2025 inafika 512 GB, yonse yofikirika ndi gawo la zithunzi. Pamenepa kabokosi kamanyamula chimene khadi limodzi silingathe, ngakhale kuti kamachita pang'onopang'ono poyerekeza ndi khadilo pa ntchito imene yakwana mu memory yake.

Olumikiza mavidiyo ambiri kabokosi kamawakwanira, chifukwa ma chip atsopano ali ndi zigawo zapadera zowerengera mitundu ya vidiyo ya ProRes, H.264 ndi HEVC. Osakaniza nyimbo amafuna bata m'chipinda, RAM yokwanira, ndi polumikizira zipangizo, zimene kabokosi kabwino kamapereka, pokhapokha ngati situdiyo inamangidwa kale pa makhadi a PCIe. Olemba mapulogalamu, okonza zithunzi ndi ojambula mapulani wamba akhoza kusankha aliyense mwa awiriwa.

Ochita kafukufuku wa masamu olemera, amene amafuna RAM yoposa 512 GB kapena RAM ya ECC yodzikonza yokha ikalakwitsa, malo awo ndi tower.

Palibe njira yapakati?

Ilipo. Bokosi la Mini-ITX la malita 10 mpaka 20 limatha kulandira khadi limodzi lathunthu la zithunzi, RAM yochotseka mipata iwiri, ndi ma SSD awiri, zonse zotsata miyeso wamba. Palinso makina opyapyala a m'maofesi amene amalandira makhadi aafupi ngati RTX 4000 SFF Ada ya mu 2023, ya 20 GB, yodya mawati 70 okha. Kwa munthu amene chimene amasintha ndi khadi limodzi basi, iyi ndi njira imene ndimaikonda. Malire ake ndi oti mpata ndi umodzi, ndiye khadi la zithunzi likalowa, la netiweki lilibe pokhala.

Ndisanalipire, ndiyang'ane chiyani?

Ngati mukutenga kabokosi, werengani mtengo wa zonse pamodzi: dock (chipangizo chochulukitsa ma port), bokosi la madisiki, zingwe zovomerezeka za Thunderbolt, ndi RAM yowonjezera imene simudzatha kuika mtsogolo. Onani ngati ma port ake aliyense ali ndi njira yakeyake kapena amagawana, chifukwa ma port 4 ogawana njira imodzi sanyamula katundu wa ma port 4. Funsaninso ngati SSD yamkati ndi ya M.2 wamba kapena yapadera.

Ngati mukutenga tower, musawerenge mipata ndi maso okha. Mpata wautali ukhoza kukhala ndi tinjira 4 tokha mkati, ndipo mapurosesa wamba a pa desiki ali ndi tinjira tochepera 30 togawana pakati pa khadi ndi ma SSD. Buku la motherboard limanena zonsezi. Onani mawati a power supply ndi mtundu wa zingwe zake, poti makhadi akuluakulu atsopano a NVIDIA amafuna polumikizira pa mapini 16. Kenako tengani tepi muyeze mkati mwa bokosilo. RTX 4090 ya NVIDIA yeniyeni ndi masentimita 30.4 m'litali ndipo imaphimba mipata itatu, pamene za makampani ena zimatalika kuposa pamenepo.